Mphepo imakoka denga ndi mphamvu yochuluka bwanji?

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwa Katuli, ku Mangochi. Akuti: "A zanyengo akamachenjeza amati mphepo ithamanga makilomita 100 pa ola. Ine ndikhoma malata mwezi uno. Nambala imeneyi ikutanthauzanji pa nyumba yanga?" A injiniya, tithandizeni.

Injiniya: Zikomo. Bambo, masamu ake mutha kuwerengera pafoni. Tengani liwirolo mulichulukitse ndi ilo lomwe, kenako mugawe ndi 200. Chotulukacho ndi makilogalamu amene mphepo ikukankha nawo pa sikweya mita imodzi. 100 kuchulukitsa ndi 100 ndi 10,000, tikagawa ndi 200 tipeza 50. Tsono ngati denga lanu ndi la mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi, ndiwo masikweya mita 48, ndiye kuti mphamvu yake ili cha m'ma makilogalamu 2,400. Ndi matumba 48 a chimanga amenewo, koma okokera kumwamba, pakuti mphepo ikamadutsa pamwamba pa malata imawayamwa. Malata ndi matabwa anu onse pamodzi salemera ngakhale theka la zimenezo.

Ndipo mvetsetsani apa. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Pa makilomita 50 tipeza makilogalamu 12 ndi theka okha, pa 200 tipeza 200. Namondwe wa Chido atafika kufupi ndi Pemba pa 15 Disembala 2024, mphepo yake inkaposa makilomita 200 pa ola. Pofika kuno anali atafooka chifukwa chodutsa pamtunda, komabe madenga anasasuka. Freddy wa mu Malichi 2023 anatipha makamaka ndi madzi ndi matope, choncho tisayese anamondwe onse ndi muyeso umodzi.

Woulutsa: Nanga munthu wopanda wailesi angadziwe bwanji liwirolo?

Injiniya: Ayang'ane mitengo. Mtengo wonse wa mango ukamagwedezeka, kuyenda n'kumavuta, ndi cha m'ma 50 kapena 60. Tinthambi tikayamba kuthyoka, ndi cha m'ma 70. Mitengo ikamazuka, mwayandikira 100.

Woulutsa: Mayi wina wa ku Namwera akuti amuna awo anasanja miyala ndi njerwa padenga. Akufunsa ngati n'zokwanira.

Injiniya: Mayi, chonde auzeni aitsitse. Njerwa imodzi siposa makilogalamu 4, pamene ife tikukamba za 50 pa sikweya mita. Lata likatukuka, mwalawo umagwera pamene pagona ana. Zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama ya waya ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa malata atsopano. Denga limangidwe kukhoma. Waya wochindikala alowe m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi, kapena m'lintala, n'kukulunga thabwa lililonse lalikulu. Matabwa ang'onoang'ono okhomapo malata amangidwenso ndi waya, msomali wokha umazuka. M'mphepete ndi m'makona, mphepo imatha kuyamwa kawiri kuposa pakati, choncho pamenepo khomani msomali pa msana uliwonse wa lata, n'kuupinda kunsi. Muonenso ngati chiswe sichinadye matabwa.

Woulutsa: Yomaliza ndi ya komiti ya mzikiti wina kwa Katuli komweko. Akuti ena amalangiza kutsekula mawindo kuti mphepo ingodutsa.

Injiniya: Akuluakulu, tsekani. Mphepo ikalowa pawindo la mbali imene ikuchokera, imafufuma m'kati n'kumakankha denga kuchokera pansi, kwinaku ina ikukoka pamwamba. Mzikiti, tchalitchi ndi kalasi n'zazikulu komanso zilibe makoma a m'kati ogwira denga, ndiye zimasasuka msanga, chonsecho n'kumene anthu amathawira. Kwanuko n'kumtunda, ndipo pa chitunda mphepo imathamanga kuposa m'chigwa, choncho pa masamu aja onjezeraniko. Ngati simunafolere, uzani mmisiri apange denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, lopendekera bwino, malata asatuluke kwambiri kunja kwa khoma. Denga la khonde likhale palokha, kuti likauluka lisatenge la mzikiti. Ngati munafolera kale, kwerani m'mwamba mvula isanayambe, muwerenge malo amene thabwa lakumana ndi khoma, ndipo paliponse pamene palibe waya mumange.