Timatumba ta Masamba Onunkhira: Phunziro la Sayansi la Nyengo Yozizira

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, chigwa cha Domasi chimazizira kwambiri, makamaka chiperoni chikaphimba phiri la Zomba. Ana ambiri amabwera kusukulu ndi chimfine, ndipo kumudzi makolo amathyola masamba a bulugamu kuti afukize odwala, monga momwe anthu ambiri adachitira m'chaka cha 2021 pa mliri wa COVID-19. Mphunzitsi wanzeru amayambira phunziro lake pa zimene ana amaona kwawo. Sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes, imene idatsegulidwa kuno ku Domasi m'chaka cha 1929, inkalimbikitsa zomwezi: kuti maphunziro a m'kalasi azithandiza umoyo wa pamudzi.

Cholinga

Pakutha pa phunziroli, ana a Sitandade 6 athe kufotokoza chifukwa chimene madzi ofunda amatulutsira fungo la masamba msanga, ndiponso athe kukonza kathumba konunkhiritsa madzi osamba.

Zofunika

Masamba a bulugamu ndi a mandimu, tizigamba toyera ta nsalu, ulusi, makapu aŵiri ofanana, madzi ozizira ndi madzi ofunda. Masamba ena ayanikidwe pamthunzi kwa sabata imodzi phunziro lisanafike, pakuti dzuŵa limachotsa fungo, ndipo masamba aaŵisi amachita nkhungu m'kathumba.

Kaphunzitsidwe

Poyamba, tigaŵire mwana aliyense tsamba laliŵisi la mandimu kuti aliyang'ane moloza kumene kukuŵala. Adzaona timadontho tating'ono. M'timadonthoti muli mafuta onunkhira. Bulugamu, mtengo wochokera ku Australia, ulinso ndi mafuta otere, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wotchedwa cineole.

Kachiŵiri, tifikise masamba asanu m'kapu ya madzi ozizira, ndi ena asanu m'kapu ya madzi ofunda. Tiike makapuwo kumbali ziŵiri za kalasi, ndipo ana ayandikire kapu iliyonse pang'onopang'ono, nakweze dzanja akamva fungo. Tiŵafunse chifukwa chimene masamba ayenera kufanana kuchuluka kwake. Tisafulumire kuŵauza yankho; adzipezere okha kuti chimene tasintha ndi kutentha kwa madzi kokha, ndipo kuti kutenthako kumasandutsa mafutawo mpweya umene umafika kumphuno.

Kachitatu, mwana aliyense aike masamba ouma odzaza dzanja limodzi pa kachigamba, namange ndi ulusi. Kathumbaka kaikidwe m'beseni la madzi ofunda posamba. Mwana alembe malangizo pa kapepala, nasankhe munthu woti ampatse ngati mphatso, kaya agogo kapena mnansi. Potero phunziro la sayansi lalumikizana ndi la Chicheŵa.

Chenjezo

Apa ndi pamene pagona udindo wathu. Fungo la bulugamu limapangitsa munthu kumva ngati mphuno zatseguka, koma silipha tizilombo toyambitsa matenda. Mwana amene watentha thupi, kapena akupuma mofulumira ndi movutikira, angakhale ndi malungo kapena chibayo, ndipo ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Tiŵauzenso ana momveka kuti asamafundire bulangeti pa mphika wa madzi oŵira, chifukwa ukagubuduzika umatentha koopsa. Mafuta a bulugamu a m'botolo samwedwa, pakuti ngakhale ochepa angathe kuvulaza mwana. Kathumbaka sikoyenera makanda, ndipo amene amadwala mphumu ayambe afunsa kuchipatala. Mau aŵa alembedwe pa kapepala ka mphatso kaja, kuti afike kwa makolo.

Inu amene mukupita kukayesera kuphunzitsa, madzi ofunda muzinyamula nokha, ndipo muyambe mwaŵayesa ndi dzanja lanu. Pomaliza funsani ana kuti: kodi kathumbaka kamathandiza chiyani, nanga sikangathe kuchita chiyani? Akalephera kuyankha mbali yachiŵiriyo, bwerezani chenjezo musanaŵalole kupita ndi timatumbato kwawo.