Galimoto Yakale Ikamabwata: Mmene Mungapezere Gwero la Vuto

Mwezi wa Okutobala ukafika, pa chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa kapena pa Chiweta simulephera kuona galimoto itaima m'mphepete mwa msewu, boneti ili m'mwamba, mwini wake ali yakaliyakali ndi chigubu kufunafuna madzi. Akawapeza amathira n'kupitiriza ulendo, mawa lake chimodzimodzi, mpaka tsiku limene injini imanoka. Zimandiwawa mumtima chifukwa nthawi zambiri chimene chinayambitsa zonsezi chimakhala chotchipa: chitsekerero cha rediyeta chakutha, kapaipi kong'aluka kapena fuzi yopsa.

Kutentha kwa injini kuli ngati kutentha thupi kwa mwana: kumangokuuzani kuti penapake pali matenda. Galimoto zathu zambiri, ma Corolla, ma Hilux ndi ma Hiace, zinachoka ku Japan zitayenda kale, ndipo kuno zakalambirakalambira. Pozifufuza yambani ndi zotchipa, zodula zibwere pambuyo, ndipo musagule sipeya musanaone umboni.

1. Muvi woonetsa kutentha ukakwera muli pamsewu

Zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto kuti ichotseko kutentha kwina, kenako pakani galimoto pamalo abwino n'kuzimitsa injini. Musayese kukakamiza kuti mukafike pa tauni yotsatira. Hedi ya injini ya aluminiyamu sichedwa kupindika, ndipo makilomita ochepa okha ndi okwanira kuiwononga.

Musatsegule chitsekerero cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi a m'katimo amakhala atapanikizika, ndipo mukangopotokola amatumphuka n'kukuwotchani nkhope ndi manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani mphindi 30 kapena kupitirira, mpaka paipi yapamwamba itafewa moti mutha kuigwira ndi kuifinya. Musathirenso madzi ozizira mu injini yamoto, chitsulo chingang'aluke.

2. Kumbukirani nthawi imene injini imatentha

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo makaniko wabwino amayamba ndi funso limeneli. Ngati muvi umakwera mukaima pa mzere wa galimoto m'tauni, koma umatsika mukayamba kuthamanga, kayikirani fani, chifukwa pa liwiro mphepo imalowa yokha mu rediyeta. Ngati m'tauni zonse zili bwino koma muvi umakwera pa chitunda, pa liwiro lalikulu kapena mukanyamula katundu, kayikirani rediyeta yotsekeka kapena pampu yofooka. Ngati ikutentha patangopita mphindi zochepa mutailiza, ndiye kuti madzi mulibe kapena sakuzungulira, ndipo themositati ndi imene muyambe nayo. Ngati madzi amangotha mwakachetechete, mlungu ndi mlungu, penapake pakudontha.

3. Yang'anani madzi ndi chitsekerero m'mawa

Injini isanalire, tsegulani rediyeta yeniyeniyo. Musadalire kabotolo ka pambali kokha, chifukwa kamatha kuoneka kodzadza rediyeta ili youma gwa. Madzi afike pakhosi. Onani mtundu wake: ngati ali ofiirira ngati matope, dzimbiri ladya m'kati. Ngati pamwamba pakuyandama oyilo, sungani zimenezo m'mutu mpaka tifike pa gasiketi.

Tsopano tembenuzani chitsekerero. Kachinthu kameneka anthu amakapeputsa, koma ntchito yake ndi yaikulu. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera ngati ku Dedza amawira msanga, cha pa madigiri 95. Chitsekerero chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1 monga mwa nambala yolembedwa pamwamba pake, ndipo mphamvuyo imachititsa kuti madzi asawire mpaka cha m'ma 120. Labala yake ikang'aluka kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira injini isanatenthe mopitirira, n'kumatayikira kunja. Mukakayika, gulani china cha nambala yomweyo.

4. Sakani pamene pakudontha

Yalani katoni pansi pa injini usiku, m'mawa muone pamene panyowa. Finyani mapaipi onse: yabwino imakhala yolimba koma yobwerera, pamene yakutha imakhala yofewa ngati nthochi yakupsa, yotupa, kapena youma yong'alukang'aluka. Onani zomangira zake. Yang'anani pamene pulasitiki ya rediyeta imakumana ndi chitsulo, chifukwa pa galimoto zakale ndi pamene pamayambira kung'aluka. Mizere yoyera, yobiriwira kapena yofiira youma ndi mapazi a madzi amene anadutsapo. Pansi pa pampu ya madzi pali kabowo kamene kamadontha silo ya m'kati ikatha. M'mbali mwa buloko muli timabatani tachitsulo timene dzimbiri limaboola. Kapeti yonyowa kutsogolo, pansi pa dashibodi, ikutanthauza kuti hita ikudontha.

Ngati simukuona kanthu, pemphani makaniko apope mpweya mu rediyeta ndi kapampu koyezera. Muvi wake ukamatsika, bowo lilipo. Chonde musathire ufa, sopo kapena dzira mu rediyeta. Zimatseka bowo lero, mawa n'kutsekanso timapaipi timene madzi amadutsamo.

5. Fani ndi fanibeluti

Injini itazima, dinani fanibeluti ndi chala pakati pa mapule awiri. Ikalowa kupitirira pafupifupi sentimita imodzi, kapena ikakhala yonyezimira ndi yong'aluka, ikutsetsereka, ndipo pa injini zimene lambayu amayendetsa pampu, madzi sazungulira mokwanira.

Ngati fani ndi yamagetsi, lizani injini muisiye itenthe galimoto itaima. Muvi ukadutsa pakati fani isanazungulire, yang'anani fuzi, kenako rile, kenako swichi yomva kutentha, ndipo pomalizira yesani mota polumikiza ku batire. Manja akhale kutali, chifukwa fani yotere imadzuka yokha mosachenjeza. Pa ma Hilux ndi ma Hiace ambiri akale fani imayendera kilatchi ya mafuta. Zimitsani injini ili yotentha, muzungulitse faniyo ndi dzanja. Iyenera kukanirira. Ikamangozungulira mopepuka ngati wilo la njinga, kilatchiyo yatha. Onaninso ngati chipulasitiki chozungulira fani chilipo. Ambiri amachitaya chikasweka, osadziwa kuti ndicho chimakakamiza mphepo kudutsa mu rediyeta.

6. Themositati

Themositati ndi chitseko chimene chimatsekera madzi mu injini mpaka atatentha, kenako n'kuwatsegulira njira ya ku rediyeta. Ikakakamira chitsekere, muvi umakwera koma rediyeta ndi paipi yam'munsi zimakhala zozizira. Kuiyesa n'kosavuta. Ichotseni, muimangirire ku chingwe, muiviike mu poto wa madzi pamoto, osakhudzitsa pansi. Pa thupi lake pamalembedwa nambala, monga 82 pa ma Toyota ambiri. Iyenera kuyamba kutseguka madzi akafika madigiri amenewo, ndipo akamawira ikhale itayasama. Ikapanda kutero, gulani ina.

Pali chizolowezi chochotseratu themositati ati chifukwa kuno n'kotentha. Musalole. Popanda iyo injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga. Pa injini zina themositati yomweyo ndi imene imatseka kanjira kachidule ka madzi, choncho mukaichotsa madzi ena amazungulira osadutsa mu rediyeta. Choopsa kwambiri n'chakuti vuto lenileni limabisala.

7. Rediyeta ndi pampu

Walitsani tochi kumbuyo kwa rediyeta muone ngati kuwala kukutulukira kutsogolo. Fumbi la misewu yathu, njere za udzu, tizilombo ndi matope zimamatirira pa zipsepse zake, makamaka pakati pa rediyeta ndi chozizitsira cha AC. Tsukani ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuchokera kumbuyo, kuti zipsepse zisapindike.

M'kati namo mumatsekeka. Madzi a pa mjigo amasiya choko ngati chija chimamatirira mu ketulo. Injini ikafunda, izimitseni, muyendetse dzanja mosamala pa rediyeta, ndipo ngati fani ndi yamagetsi yambani mwaichotsa ku mawaya. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi timapaipi totsekeka. Okonza marediyeta amatha kuitsegula n'kuitokosa, koma ikakhala yofumbwa ndi bwino kugula ina.

Pampu imadziwika ndi kudontha, kulira, kapena pule yogwedera. Nthawi zina mapiko ake a m'kati amadyeka ndi dzimbiri, kunja ikuoneka yabwinobwino. Ngati madzi ndi odzadza, injini yatentha, koma hita ikutulutsa mphepo yozizira, madzi sakuyenda.

8. Gasiketi ya hedi

Zonsezi zikakhala bwino, ndi pamene tiganizire gasiketi. Injini ili yozizira, tsegulani rediyeta n'kuiliza. Thovu lotuluka mosalekeza, mapaipi olimba gwa patangopita nthawi yochepa mutatsekanso chitsekerero, utsi woyera wosatha ku ekizozi, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, zonsezi zimaloza ku gasiketi yopsa kapena hedi yong'aluka. Magalaja ena ali ndi mankhwala abuluu amene amasintha mtundu akakumana ndi mpweya wa ekizozi wochokera mu rediyeta. Pemphani ayese asanamasule injini. Hedi ikatsika, iyezedwe ngati ili yowongoka. Ndipo kumbukirani kuti gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa injini inatentha kale. Mukasintha gasiketi osapeza chimene chinaitenthetsa, mudzabwereranso ku galaja.

9. Pothira madzi atsopano

Sakanizani kulanti ndi madzi oyeretsedwa aja ogula othira mu batire (osati asidi wake), theka ndi theka, pokhapokha ngati botolo lalembedwa kuti ndi wosakaniza kale. Kulanti amateteza dzimbiri, choncho amafunika ngakhale kuno kopanda chisanu chowumitsa madzi. Thirani pang'onopang'ono hita ili yotsegula, lizani injini chitsekerero chili chochotsa, ndipo wonjezerani mpaka thovu litatha, chifukwa mpweya wotsalira m'kati umatenthetsanso injini. Kulanti ndi poizoni, ndipo amatsekemera. Musungeni kutali ndi ana ndi ziweto, ndipo wakale musamutayire m'ngalande.

Mukamaliza, bwererani pa chitunda chomwe chija chimene chinkakuvutani, masana dzuwa likuswa mtengo, diso lili pa muvi. Ukakhazikika pakati kuyambira pansi mpaka pamwamba, mwapeza gwero. M'mawa mwake tsegulaninso rediyeta muone ngati madzi akadali pakhosi, ndipo kuyambira pamenepo muzitero mlungu uliwonse.