Phunziro: Chifukwa Chiyani Ma ARV Sayanja Aliyense Mofanana?

Anthu awiri angamwe ma ARV a mtundu umodzi, wina n'kukhala bwinobwino, wina n'kumamva chizungulire. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi majini. Majini amenewa si mizimu ayi. Ndi malangizo olembedwa mu DNA ya m'maselo athu, omwe timatengera kwa makolo. Amalamulira zambiri, kuphatikizapo mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala.

Taganizirani za efavirenz, yemwe ambiri ankamwa ku Malawi asanayambe kulandira dolutegravir mu 2019. Chiwindi chimaphwanya efavirenz mothandizidwa ndi jini yotchedwa CYP2B6. Anthu ena, makamaka a mu Africa, ali ndi mtundu wa jiniyi wogwira ntchito pang'onopang'ono. Mankhwala amachuluka m'magazi mwawo, ndipo amamva chizungulire, amalota zoopsa kapena kusowa tulo.

Abacavir nayenso amadwalitsa kwambiri anthu ena omwe ali ndi jini ya HLA-B*57:01. Thupi limatentha ndi kutuluka zidzolo. Kuyambira mu 2008, ku America madokotala amalangizidwa kuyeza jiniyi asanapereke mankhwalawa. Jiniyi imapezeka kwambiri mwa azungu kusiyana ndi anthu akuda.

Majini athandizanso kupeza mankhwala atsopano. Mu 1996 akatswiri anapeza kuti kachilombo ka HIV kamalowa m'selo kudzera pa "khomo" lotchedwa CCR5, ndipo anthu ochepa a ku Ulaya amabadwa opanda khomoli. Izi zinatsogolera ku maraviroc, mankhwala otseka khomolo, omwe anavomerezedwa mu 2007. Komabe pasakhale wodzinamiza kuti iye sangatenge kachilombo. Kudziletsa, kukhulupirika ndi kondomu n'zofunikabe.

Achinyamata, kumbukirani izi. Osabwereka kapena kubwereketsa ma ARV, pakuti omuyanja mnzanu mwina inu sangakuyanjeni. Mankhwala akakuvutani, musasiye nokha mwakachetechete, chifukwa kachilombo kamachulukanso n'kuyamba kusamva mankhwala. Pitani kuchipatala msanga mukafotokoze. Thupi likatentha n'kutuluka zidzolo, pitani tsiku lomwelo. Adokotala angathe kukusinthirani.

Mafunso okambirana mu kalabu:
1. Kodi majini timawatenga kuti?
2. Mnzanu akuti asiya ma ARV chifukwa cha maloto oopsa. Mungamulangize chiyani?
3. Konzani sewero lalifupi losonyeza kuopsa kogawana mankhwala.