Maluwa akundifera m'nyumba, apongozi akuti ndi dzanja langa

Azakhali,

Ndili pabanja zaka ziwiri ndipo tikuchita lendi ku Chilomoni. Tikulowa m'nyumbayi apongozi anga aakazi anandipatsa maluwa a m'zitini, inenso ndinagula ena kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Ndimathirira m'mawa uliwonse osaphonya, koma masamba akuchita chikasu, ena tsinde lawola. Aloe vera amene ndinaika pakona ya pabalaza wangoonda n'kuwerama. Apongozi atabwera anangoti, "Anthu ena dzanja lawo silimeretsa." Mawuwo akundiwawabe. Bambo akunyumba akuti ndileke kutaya ndalama, akutinso maluwa akuchipinda amalanda mpweya usiku. Tili ndi mwana wongoyamba kukwawa. Nditani?

Wokhumudwa, Blantyre

Mwana wanga,

Dzanja lako lilibe mlandu. Iwe unaika maluwa pamene akukongoletsa nyumba, osati pamene angakhale moyo, kenako n'kuwamiza m'madzi. Zonsezi zimakonzeka.

Tenga tsiku limodzi uyang'ane mmene dzuwa limalowera m'nyumbamo. Zenera lakum'mawa limalandira dzuwa lofatsa, ndipo maluwa ambiri a m'nyumba amakondwa pamenepo. Lakumadzulo ndi lankhanza, makamaka mu Okutobala, limawaula masamba ofewa. Kuno kwathu m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera lakumpoto limawala bwino mu Juni ndi Julaye, pamene lakummwera limangopeza kuwala kopanda ukali miyezi yambiri. Usaiwale khonde, mtengo wa mango wa aneba ndi makatani okhuthala amene timakonda kutseka tsiku lonse poopa maso a anthu. Zonsezo zimadula kuwala. Ukakayika, masana ika dzanja pamwamba pa pepala loyera pamalo pamene ukufuna kuika chitini. Chithunzithunzi cha zala chikaoneka bwinobwino, kuwala n'kokwanira. Chikapanda kuoneka, pamenepo ndi mumdima, ngakhale maso ako akuona.

Aloe vera wakoyo akufuna dzuwa. Akuonda chifukwa akulisakasaka. Musunthire pazenera lowala kwambiri kapena pakhonde, koma pang'onopang'ono, chifukwa wazolowera mthunzi ndipo angapse. Pakona imene analiyo ikapo snake plant, uja wa masamba olimba oimirira, kapena ZZ plant wa masamba onyezimira. ZZ ndi wakwathu ndithu, amamera yekha m'nkhalango za ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania, ndipo amasunga madzi m'timbatata take pansi pa dothi. Ukhoza kupita kumudzi masabata atatu, udzamupeza ali bwino. Koma dziwa kuti awiriwa amangopirira mdima, saukonda. Akula mochedwa, usakwiye nawo.

Kukhitchini ika spider plant pamwamba pa kabati pafupi ndi zenera, kutali ndi utsi wa mbaula. Kubafa kuli chinyontho chimene fern amakonda, bola pakhale zenera. Bafa lopanda zenera lisiye, palibe duwa limene lingakhalemo.

Za kuthirira m'mawa uliwonse, leka lero lomwe. Chitini si dimba. Mizu imafunanso mpweya, ndipo dothi likamangokhala chinyowere imawola, masamba n'kuchita chikasu, iwe n'kuganiza kuti ndi ludzu, n'kuwonjezanso madzi. Pisa chala m'dothi mpaka pakati. Ukamva chinyontho, dikira. Nthawi ya chiperoni dothi limachedwa kuuma, ndiye uzithirira mwa apo ndi apo. Tembenuzanso zitinizo: ngati zilibe mabowo pansi, boola ndi msomali. Dothi lamakande limagwirana ndi kusunga madzi, lisakanize ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Madzi otsalira m'kambale ka pansi uzitaya, udzudzu umaswanamo.

Chimene chandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi mwana wokwawayo, poti chilichonse amaika m'kamwa. Ngati uli ndi Dieffenbachia, wa masamba akuluakulu a mawangamawanga oyera, mutulutse. Madzi ake amawotcha m'kamwa ndi kutupitsa lilime. Money plant, peace lily ndi ZZ yemweyo nawonso amayabwa akatafunidwa, ngakhale snake plant ndi aloe vera amavutitsa m'mimba, choncho zonsezi zikhale pamwamba pamene sangafike. Spider plant alibe vuto limenelo. Mwana akatafuna tsamba n'kuyamba kutupa m'kamwa, thamangira naye kuchipatala, utenge ndi tsambalo.

Bambowo auze kuti n'zoona maluwa amapuma usiku, koma mpweya wake ndi wochepetsetsa. Mphaka wogona kunsi kwa bedi amatha wambiri kuposa zitini zako zonse pamodzi. Pa nkhani ya ndalama ali ndi mfundo: usagulenso kanthu mpaka amene ulinawo atatsitsimuka.

Apongozi usawayankhe. Ukapita kwawo, ona pamene amaika maluwa awo. Ndikukhulupirira uwapeza pakhonde kapena pansi pa mtengo, osati pakona ya pabalaza. Uwafunse kuti, "Amayi, ili mumalithirira kangati?" ndipo uwapemphe kamphukira ka spider plant kapena kanthambi ka money plant. Kanthambiko ukakaika m'botolo la madzi pazenera lakum'mawa, katulutsa mizu pakangopita masabata ochepa.

Azakhali