Zipangizo zocotsera tayala la thirakitala

Milange ndi boma la m'cigawo ca Zambezia. Lili m'malire a Mozambique ndi Malawi. Tawuni ya Milange ili m'tsinde mwa phiri la Tumbine. Munthu akawoloka mtsinje wa Muloza, walowa m'Malawi.

Anthu a ku Milange amalima cimanga, nyemba, nandolo ndi fodya. Ambiri amalima ndi khasu. Katundu amanyamula panjinga. Mathirakitala ndi ocepa. Thirakitala imodzi imalima minda ya mabanja ambiri, ndipo banja lililonse limadikira tsiku lake.

Tayala likaphwa mwezi wa Novembala, mabanja onse aja amada nkhawa. Mvula yoyamba imakhala ili pafupi, ndipo wocedwa kudzala amakolola zocepa. Mzinda wa Mocuba uli kutali, makilomita pafupifupi 200. Ncifukwa cake anthu amadzipangira okha zipangizo zokonzera matayala.

Tayala ndi limu

Gudumu la thirakitala lili ndi zinthu zitatu. Pakati pali citsulo cozungulira, dzina lake limu. Kunja kuli tayala. M'kati mwa tayala muli cubu, ndipo m'cubu muli mpweya. Gudumu la njinga nalonso lili comweco.

Kalekale matayala a njinga analibe mpweya. Anali olimba gwa! M'caka ca 1888 bambo wina wa ku Belfast, John Boyd Dunlop, anapangira mwana wake matayala a mpweya. Anafuna kuti kanjinga ka mwanayo kasamagwedezeke kwambiri pamsewu wa miyala. Mathirakitala akale anali ndi magudumu acitsulo cokhacokha.

Tayala lili ndi milomo iwiri. M'milomo imeneyi muli mawaya olimba. Milomo ndiyo imagwira limu. Mlomo wa tayala la njinga ndi wofewa, munthu amatha kuukankha ndi zala. Koma mlomo wa tayala la thirakitala ndi wokhuthala ngati dzanja. Matope ndi dzimbiri zimaumata ku limu. Pamene pavuta ndi pamenepa. Kumata cubu ndi nchito yaing'ono. Nchito yaikulu ndi kulekanitsa tayala ndi limu.

Kwa agogo wosula

Tsiku lina thirakitala inaponda citsa m'munda. Tayala lakumbuyo linaphwa. Woyendetsa anapita kwa wosula wa m'mudzimo. Mwana wa mlongo wake anam'tsatira, pakuti wosulayo anali agogo ake.

Agogo anatulutsa citsulo cacitali m'nkhokwe yakale. Inali sipuling'i ya galimoto. Nkhondo inatha m'caka ca 1992, ndipo m'misewu yambiri ya m'Zambezia munatsala magalimoto otenthedwa. Osula anatola zitsulo zake. Anasula nazo makasu, nkhwangwa ndi zikwanje. Citsulo ca sipuling'i ndi cabwino, cifukwa sicipindika msanga.

Agogo anakoleza makala. Mdzukulu anayamba kuvukuta mvukuto. Citsulo cinafiira psuu! Agogo anacigwira ndi mbaniro, naciika pa citsulo cosulira. Nyundo inalira, khe! khe! khe! Nsonga inaphwatalala ngati supuni. Kenaka anaipinda pang'ono.

"Agogo, ndibweretse madzi oziziritsira?" anafunsa mdzukulu.

"Iyayi, mdzukulu wanga. Citsulo ici cikalowa m'madzi cili moto cimauma mopyola, ndipo cimathyoka pa nchito. Cisiye cizizire cokha."

Citazizira, agogo anatenga tupa. Anapala nsonga nthawi yaitali. Mdzukulu anatopa kudikira.

"Mukupaliranji cotere, agogo? Si mpeni umenewu."

"Ndikucotsa kuthwa. Nsonga yakuthwa imaboola cubu. Ndiye kuti amalume ako adzamata bowo limodzi, n'kuboola ena awiri."

Pofika masana zitsulo ziwiri zokanulira zinali zitatha. Ciliconse cinali cotalika ngati mkono wa munthu wamkulu.

Mtengo wopsinjira

Kumunda, amalume anaika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa magudumu ena, kuti thirakitala isayende. Anaikweza ndi jeke. Pansi pake anaunjikapo zipika zamitengo. Jeke yokha munthu saikhulupirira, imatha kuterereka.

Kenaka anatsegula kacitsulo kopoperapo mpweya. Munatuluka madzi! Mdzukulu anadabwa. Amalume anamuuza kuti m'matayala akumbuyo amathiramo madzi, kuti thirakitala ilemere ndi kugwira bwino nthaka. Anadikira mpaka madzi ndi mpweya zonse zitatha. Atatero anamasula mabawuti.

Amuna anayi anagubuduza gudumu mpaka pansi pa mtengo wa mango. Analigoneka pansi moyandikana ndi tsinde. Gudumu lotere ndi lolemera kuposa munthu wamkulu. Likagwera mwana limam'thyola mafupa. Ana onse anauzidwa kuima patali.

Anthu ena amamenya tayala ndi nyundo yaikulu. Njira imeneyi si yabwino. Nyundo imadumpha pa labala, ndipo ikaphonya imapinda limu. Amalume anacita zina. Anatenga mtengo wa bulugamu wowongoka, wotalika mamita 3. Mbali imodzi anaimanga ndi unyolo ku tsinde la mango. Mtengowo unapingasa pamwamba pa gudumu. Pansi pake anaimikapo kacipika kolimba, kosongoka ngati mphero. Kacipikako kanaponda tayala pafupi penipeni ndi limu. Kucokera pa unyolo kufika pa kacipika panali theka la mita.

Anathira madzi a sopo pa mlomo wa tayala. Mafuta a injini sanawafune, cifukwa amaononga labala.

Mnyamata wina wamphamvu anagwira mtengo pafupi ndi kacipika. Anapsinja mpaka thukuta kamukamu. Tayala silinasunthe.

"Taimani, acimwene," anatero amalume. "Bwerani kuno kunsonga."

Mnyamata uja anapita kunsonga kwa mtengo. Anautsamira pang'onopang'ono. Tayala linalira, phwa! Mlomo unatsika, limu linaonekera. Anthu anaseka ndi kuomba m'manja.

"Amalume, mphamvu zimenezi zacokera kuti?" anafuula mdzukulu ali pomwe anaima.

"Zacokera m'kutalika kwa mtengo, mphwanga. Werenga ndi mapazi uone tikatha."

Pambuyo pake mwanayo anawerengadi. Kucokera pa unyolo kufika pa kacipika anaponda mapazi 3. Kucokera pa unyolo kufika kunsonga anaponda mapazi 18. Mtunda waciwiri unaposa woyamba kasanu ndi kamodzi. Conco munthu mmodzi wogwira kunsonga amapsinja ngati anthu 6. Akakhala wolemera makilogalamu 60, kacipika kamaponda tayala ndi makilogalamu 360. Koma kunsonga kumayenda mtunda wautali, pamene kacipika kamatsika pang'ono cabe. Mphamvu zija munthu amazigula ndi mtunda.

Anazunguza gudumu, napsinjanso pena. Anacita cotero mpaka mlomo wonse unamasuka. Anatembenuza gudumu, namasulanso mlomo winawo.

Zokanulira zigwira nchito

Tsono inafika nthawi ya zitsulo za agogo. Pakati pa limu pali ngalande. Munthu mmodzi anaponda tayala mbali imodzi, kuti mlomo ulowe m'ngalandemo. Popanda kutero mlomo sungatuluke mbali inayo, cifukwa mawaya aja satamuka. Amalume analowetsa cokanulira coyamba, nakanula. Analowetsa caciwiri pafupi, nakanulanso. Ankatenga pang'onopang'ono, monga mmene amayi amatsinira nsima ya mwana.

Anasolola cubu. Anacipopa pang'ono, naciviika m'beseni la madzi. Pamene panatuluka thovu ndipo panali bowo. Anapukuta, napala, namata cigamba. Asanabweze cubu anapapasa m'kati mwa tayala monse. Anapeza kamtengo kakuthwa ka citsa cija, nakazula.

Kupopa ndiyo nthawi yoopsa kwambiri. Tayala lalikulu likaphulika limatha kupha munthu. Wopopa amaima pambali, sakhala pa tayala, ndiponso saweramirapo. Amapopa pang'ono, n'kuyang'ana ngati milomo ikukhala bwino. Ikakana, amatulutsa mpweya, n'kuthiranso sopo. Moto sauyandikiza ku limu tayala lili pomwepo. Tayala lakumbuyo silifuna kulimba ngati la njinga. Likalimbitsa, thirakitala imaterereka m'matope.

Amuna analandizana pampu mpaka dzuwa linapendeka. M'mawa mwake thirakitala inamaliza munda uja, nipita kwa mayi wamasiye amene linali tsiku lake.

Mawu a Cipwitikizi

Pa Cipwitikizi tayala ndi pneu. Wosula ndi ferreiro. Mtengo kapena citsulo cokanulira ndi alavanca. Khasu pozula citsa limagwira nchito ngati alavanca. Supuni potsegula citini nayonso imatero.

Nchito yakunyumba

Mwana apemphe munthu wamkulu kuti am'thandize. Apeze mwala wovuta kunyamula, ndodo yolimba ndi kamwala kakang'ono. Alowetse nsonga ya ndodo pansi pa mwala waukulu. Kamwala akaike pansi pa ndodo, pafupi ndi mwalawo. Apsinje ndodo pakati. Kenaka apsinje kunsonga. Zala ndi mapazi zikhale kutali ndi mwala.

Mwala unatukuka mosavuta pamene mwana anagwira pati? Nanga kamwala kakasunthira kutali ndi mwala waukulu, cimacitika nciyani? Mwana ajambule zimene waona, ndipo pansi pa cithunzi alembe mawu awiri awa: tayala, limu.