Makalata a Omvera: Digiri ya Graphic Design ku Johannesburg

Zikomo achemwali athu a ku Joni chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa komwe mwana wanu wokonda kujambulayo angakaphunzire graphic design mumzindamo.

Yambirani ku University of Johannesburg. Pa kampasi yawo ya Bunting Road, ku Auckland Park, pali digiri ya zaka zitatu ya Communication Design, yophunzitsa kukonza zizindikiro za makampani, kusanja masamba a mabuku ndi magazini komanso kupanga zotsatsa malonda. Ngati mtima wa mwanayo uli pa makatuni ndi masewera a pa kompyuta, Wits ili ndi maphunziro a Digital Arts. Palinso sukulu zomwe si zaboma monga Vega ndi Greenside Design Center, koma kumeneko fizi imakhala yokwererapo.

Musanalipire kalikonse, fufuzani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, chifukwa makoleji achinyengo aliponso. Ngati mayeso analembera kumudzi kuno, satifiketi yake iyenera kuunikidwa kaye, ndipo adzafunikanso chitupa chophunzirira.

Koma chachikulu ndi portfolio, achemwali. Aphunzitsi amafuna kuona ntchito za manja ake. Muuzeni mwanayo ayambe lero kusunga bwino zojambula zake zonse.