MKONONO WODUKIZA NDI MAKINA A CPAP

Anthu ambiri ayesa kuti mkonono uli cizindikiro ca tulo tokoma, ndipo woliza mkonono angomseka kukaca. Koma ulipo mkonono wina wosaseketsa. Munthu aliza kwambiri, pomwepo angoti zii, osapuma konse, cifuwa cokha ciri kugwedezeka. Patapita kanthawi adzidzimuka monga wotsamwa, nayambanso kuliza. Nthenda imeneyi madotolo aicha sleep apnea, ndiko kunena kuleka kupuma m'tulo, ndipo cithandizo cace codziwika koposa ndico makina ochedwa CPAP. Phunziro lino liri la iwo amene ali nao makinawo, ndi la abale ogona nao nyumba imodzi. Pakuti ambiri awalandira ndi cimwemwe, koma isanathe miyezi yambiri awabwezera m'bokosi.

1. Cimene cicitika pakhosi

Munthu akagona, minofu ya thupi lonse ilefuka, ndi ya pakhosi yomwe. Mwa anthu ena lilime ndi mnofu wofewa wa kumbuyo kwa kamwa zigwera m'njira ya mpweya ndi kuitseka, monga chubu ca njinga cikaphwa. Pamenepo mwazi usowa mpweya wabwino, mtima uthamanga, ndipo ubongo umdzutsa munthuyo pang'ono kuti khosi litseguke, koma mwini wace sakumbukira kanthu m'mawa.

Madotolo awerenga nthawi zonse zimene kupuma kwaleka kapena kwacepa kwa masekondi 10 kapena kupitirira. Zikacitika ka 5 kufikira ka 14 pa ola limodzi, nthenda iri yaing'ono. Ka 15 kufikira ka 29, iri ya pakati. Ka 30 kapena koposa, iri yaikuru. Wodwala adzuka ndi litsipa ndi m'kamwa mouma, akodza kawiri kawiri usiku, aodzera pa msonkhano ndi pa nchito, ngakhale poyendetsa galimoto. Nthendayi ikuzanso kuthamanga kwa mwazi, ndipo iyenda pamodzi ndi nthenda za mtima, ya shuga ndi ya kufa ziwalo. M'caka ca 2019 akatswiri anayerekeza kuti anthu 936 miliyoni a zaka 30 kufikira 69 ali nayo pa dziko lonse lapansi.

2. Ciyambi ca makina ndi nchito yace

M'caka ca 1980 dotolo wina wa ku Australia, dzina lace Colin Sullivan, wa pa cipatala ca Royal Prince Alfred mu mzinda wa Sydney, anatenga injini ya makina oyamwa pfumbi m'nyumba, naikonza kuti iuzire mpweya m'mphuno mwa wodwala. Khosi la wodwalayo linakhala lotseguka, ndipo anagona tulo teniteni. M'caka ca 1981 Sullivan ndi anzace analemba za odwala 5 oyamba m'nyuzi ya madotolo yochedwa The Lancet.

Makina a masiku ano ali ang'ono ndi osasokosa, koma nchito yace iri yomweyo. Sapuma m'malo mwa munthu. Angotenga mpweya wa m'cipinda ndi kuukankha pang'ono pang'ono kupyolera m'paipi ndi m'cophimba ca kumaso cochedwa masiki, kuti khosi lisaphwe. Mphamvu ya kukankhako iri ndi muyeso woyambira pa 4 kufikira pa 20, ndipo dotolo aika muyeso wa munthu ali yense atayesa tulo tace. Cifukwa cace sikuli bwino kubwereka makina a mnansi kapena kusintha muyeso mongoganizira. Wogula makina ogwirapo kale nchito ayambe wafunsa dotolo, pakuti m'caka ca 2021 kampani ya Philips inaitanitsa makina ace ambiri kaamba ka siponji ya m'kati imene inali kunyenyeka.

3. Makina athandiza pa maola okhawo amene abvalidwa

Apa ndipo pagona phunziro lonse. Makinawa sacotsa nthenda. Ali ngati mandala a m'maso, amene athandiza pokhapo munthu wawabvala. Akawaleka, kubanika kubwerera pa masiku owerengeka, ndipo mwa ambiri usiku womwewo.

M'caka ca 2016 kunaturuka zotsatira za kufufuza kwakukuru kochedwa SAVE, kumene kunatsata anthu oposa 2,700 odwala mtima kapena mitsempha ya mwazi pamodzi ndi nthendayi. Iwo amene analandira makina anacepa kuodzera usana ndi kujomba ku nchito, koma nthenda za mtima sizinacepe mwa iwo kuposa mwa anzao. Ndipo kunapezeka kuti anali kubvala makinawo ngati maola 3.3 okha pa usiku. Ku America munthu awerengedwa wogwiritsa makina ace akawabvala maola 4 pa usiku, masiku 7 mwa masiku 10 ali onse. Koma umenewo uli muyeso wa pansi cabe, ndipo phindu likula pamene maola akucuruka.

Cinanso ndi ici: tulo ta maloto ticuruka mbanda kuca, ndipo m'tulo timeneti minofu ilefuka koposa, kotero kuti mwa ambiri kubanika kukula nthawi imeneyo. Munthu wobvula masiki pakati pa usiku asiya khosi lace lopanda mlonda pa nthawi yoopsa. Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Momwemonso makina ali pamphuno ndiwo a wodwala; a pa tebulo sampindulira kanthu.

4. Zopinga za masabata oyamba

Cizolowezi ca sabata loyamba ndico cimene ambiri akhala naco kufikira mtsogolo. Zopinga zace ziri zazing'ono, ndipo ciri conse ciri ndi njira yace.

Kumva ngati kubanika. Wodwala abvale masiki usana, ali khale pa mpando, mphindi 20 kapena 30, makina ali kugwira nchito, kufikira mantha atatha. Makina ambiri ali ndi poyambira mpweya wofatsa, umene ukula pang'ono pang'ono munthu atagona.

Mpweya wothawa m'mbali. Ukapita m'maso uwaumitsa, ndipo khosi silirandira mphamvu yokwanira. Kumanga malamba kolimba sikuthandiza. Kungopinda mphira wa masiki ndi kusiya zironda pamphuno. Masiki akonzedwe munthu atagona kale pansi, nkhope iri yosamba ndi yopanda mafuta. Alipo a mitundu 3: ophimba mphuno, olowa pa zibowo za mphuno, ndi ophimba mphuno ndi kamwa. Mtundu umodzi ukakanika, wodwala apemphe wina, asataye makina.

Kuuma kwa mphuno ndi m'kamwa. Kabotolo ka madzi kamene kali pa makina kanyowetsa mpweya. Wogona kukamwa yasa afunika lamba wa pa cibwano, kapena masiki ophimba kamwa lomwe. Mphuno yotsekeka masiku onse ifuna mankhwala a ku cipatala.

Kutupa mimba ndi kugeya. Kumeneku ndiko kumeza mpweya, ndipo kawiri kawiri kusonyeza kuti muyeso wakula. Dotolo ndiye aucepetse.

Pa zonsezi mau a akulu ali oona, kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

5. Kusunga makina

Mphira wa masiki utsukidwe m'mawa muli monse ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira; paipi ndi malamba kamodzi pa sabata, ndi kuziyanika pa mthunzi. Sefa wa kumbuyo kwa makina ayang'anidwe kawiri kawiri, makamaka m'miyezi ya pfumbi ndi m'nyumba zofuka utsi. Madzi a m'kabotolo atayidwe tsiku liri lonse. Abwino ndiwo osungunulidwa, ogula ku sitolo ya mankhwala. Akasowa, owiritsa ndi kuziziritsa athandiza, ngakhale asiya zoyera pansi, zimene viniga acotsa.

Makina afuna magetsi usiku wonse. M'caka ca 2024 cirala cinacepetsa madzi pa Kariba, ndipo nyumba zambiri m'Zambia zinakhala maola ambiri pa tsiku zopanda magetsi. Makina ambiri angathe kugwira nchito ndi batire lodzazidwa ndi sola, ngati pali cingwe coyenera mtundu wace. Ndipo batire likhalitsa munthu akazima cotenthetsa madzi, pakuti ndico cidya moto koposa.

6. Gawo la wodwala ndi la banja lace

Mowa ndi mapiritsi ogonetsa zilefula minofu ya pakhosi, ndipo fodya atupitsa njira ya mpweya. Kugona cagada kugwetsera lilime kumbuyo, koma kugona cammbali kuli bwinopo. Kunenepa nako kuli ndi mlandu waukuru. Kufufuza kwa ku Wisconsin, kumene kunalembedwa m'caka ca 2000, kunaonetsa kuti munthu akacepa thupi ndi magawo 10 pa 100, kuleka kupuma kwace kucepa ndi magawo ngati 26 pa 100.

Mkazi kapena mwamuna wa wodwala ndiye mboni, pakuti wogona sadzimva yekha. Iye ndiye adziwa ngati mkonono wabwerera, ngati mpweya uli kuthawa, ngati masiki agwa pansi usiku. Asamseke mnzace cifukwa ca maonekedwe a masiki, pakuti manyazi abweza makina ambiri m'bokosi. Ndipo popita ku cipatala atenge makina omwe, popeza asunga ciwerengero ca maola ndi ca kuleka kupuma kumene kwatsala. Dotolo afuna kuona kuti kwatsika pansi pa 5 pa ola. Munthu amene aodzerabe usana, ngakhale abvala makina usiku wonse, abwerere msanga kwa dotolo, ndipo asayendetse galimoto kufikira cifukwa cace citadziwika.

Mafunso

1. Kodi makina a CPAP acita ciani pakhosi pa munthu wogona?
2. Cifukwa ninji kubvula masiki pakati pa usiku kuli koopsa?
3. Kodi wodwala acitenji mpweya ukamathawa m'mbali mwa masiki?
4. Ndi njira ziti zimene a m'nyumba angathandize nazo wodwala?